Kukweza kutsogolo kwa pikapu kuti ilandire matayala aakulu

Bambo wina watitumizira funso ili: "Ndili ndi Toyota Hilux ya 2014, ya zitseko zinayi, yokoka ndi magudumu onse anayi. Matayala amene alipo ndi a 265/65R17 ndipo atha, choncho ndikufuna kuti pogula ena ndigule a 285/70R17, chifukwa ndimayenda kwambiri m'misewu ya miyala ndipo kunsi kwa galimoto kumagunda kawirikawiri. Galimotoyi ndi yotsika kutsogolo kuyerekeza ndi kumbuyo. Mnzanga wina akuti ndikaika ma spacer a masentimita 5 kutsogolo, galimoto ilingana ndipo matayalawo alowa popanda vuto, pamene wina akuti ndiwononga galimoto. Nthawi zina ndimanyamula katundu wolemera komanso kukoka ngolo. Kodi ndimvere ndani?"

Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha funso lanuli, ndipo mtima wanu ukhale m'malo, pakuti ntchito imene mukuiganizirayi imachitika pa mapikapu ambirimbiri, ndipo ikachitika ndi muyeso galimoto imatumikira zaka zambiri popanda dandaulo. Anzanu awiriwo aliyense wagwirako mbali ina ya choona. Woyambayo sakunama kuti spacer, kachidutswa kokhuthala kowonjezera pa sipuling'i ndi shock, idzakweza mphuno ya galimoto, koma waphonya poganiza kuti kukwezako pakokha kumatsegulira malo tayala lalikulu. Wachiwiriyo sakunamanso kuti pali ziwalo zimene zimavutika galimoto ikakwezedwa, kungoti kuvutikako kumadalira mamilimita amene mwawonjezera ndi ntchito imene yachitika pambuyo pake. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito ya sasipenshoni, kutanthauza masipuling'i, ma shock ndi zitsulo zolumikiza magudumu ku chasisi, amene amabwera ndi madandaulo aakulu kwambiri ndi aja anagula matayala poyamba, n'kuyamba kukakamiza galimoto kuti iwalandire.

Kutsika kwa kutsogoloko ambiri amakuona ngati chilema, chikhalirecho opanga mapikapu amachita dala. Masipuling'i a kumbuyo ndi amene amasenza katundu, choncho kumbuyo kumasiyidwa kokwera ndi masentimita angapo kuti katundu akakwera kutsike mpaka galimoto n'kulingana. Komabe galimoto ya 2014 yayenda mtunda wautali, ndipo n'kutheka kuti masipuling'i a kutsogolo afooka, makamaka ngati munaikapo bampala yachitsulo kapena winchi. Musanagule kanthu kalikonse, imikani galimoto pamalo athyathyathya, thanki ili yodzaza, ndipo muyeze kuchokera pakatikati pa rimu kufika m'mphepete mwa madigadi pa magudumu onse anayi. Muyeso umenewu umaposa woyezera kuchokera pansi chifukwa sukhudzidwa ndi kutha kwa tayala kapena kuchepa kwa mpweya. Mulembe manambalawo, kuti muyerekeze kumanzere ndi kumanja, komanso kuti mudzadziwe mmene galimoto yakwereradi ntchito ikatha. Mukapeza kuti mbali ina yatsika kuposa inzake, kapena kuti shock ikudontha mafuta, ndiye kuti chofunika ndi masipuling'i ndi ma shock atsopano, pakuti spacer yoikidwa pa sipuling'i yotopa imangophimba vutolo kwa kanthawi.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse kuposa zonse ndi iyi. Gudumu la kutsogolo silikhala malo amodzi, limakwera ndi kutsika pakati pa malire awiri. Malire a pamwamba amaikidwa ndi kamphira kolimba kotchedwa bump stop, kamene mkono wa pansi wa sasipenshoni (chitsulo chogwirizira gudumu ku chasisi) umagunda galimoto ikamenya bampu mwamphamvu, ndipo malire a pansi amaikidwa ndi kutalika kwa shock ikatambasuka yonse. Spacer imasintha pamene galimoto imapumira ikaima, koma bump stop imakhala pomwe inali. Izi zikutanthauza kuti tayala limene likanakhula madigadi galimoto isanakwezedwe lidzakhulabe tsiku limene mudzalowe m'dzenje muli ndi katundu, chiwongolero chitapindidwa, kungoti kukhulako kudzachitika mwa apo ndi apo m'malo mwa tsiku lililonse. Pa galaja galimoto imaoneka ngati yalandira matayala chifukwa yaima chilili pa simenti, koma msewu wa miyala umene mwatchulawo umafikitsa gudumu ku malire onse awiri kangapo pa ulendo umodzi.

Tiwerengere matayalawo. Pa manambala ngati 265/65R17, yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kutalika kwa khoma la tayala monga gawo la m'lifupimo pa 100, ndipo yomaliza ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Tayala la 265/65R17 limatalika mamilimita pafupifupi 776 kuchokera pansi kufika pamwamba, la 265/70R17 limatalika pafupifupi 803, ndipo la 285/70R17 limene mukulifunalo limafika pafupifupi 831. Kusiyana kwa loyamba ndi lomaliza ndi mamilimita 55, koma galimoto imakwera ndi theka lokha la zimenezo, pafupifupi mamilimita 27, pakuti theka linalo lili pamwamba pa ekiselo, kumene likungodya malo m'kati mwa madigadi. Apa ndikupemphani kuti mulowe kunsi kwa galimoto muone pamene pali zipsera za miyala. Ngati chogunda ndi difu ya kumbuyo, palibe spacer kapena sipuling'i imene ingaikweze, chifukwa difuyo ili pa ekiselo ndipo ekiselo imakwezedwa ndi tayala lokha. Ngati chogunda ndi chitsulo chotchinga kunsi kwa injini, kukweza kutsogolo kudzakuthandizani ngakhale matayala atakhala omwewo.

Pa mapikapu ambiri a masiku ano, kuphatikizapo yanuyi, tayala lalikulu siliyamba kukhula pamwamba. Limayamba kukhula kumbuyo kwake, pa mphira wotchinga matope ndi pa chitsulo chimene chimagwirizira bodi pa chasisi, kapena kutsogolo kwake pa pulasitiki ya m'kati mwa bampala, ndipo zimenezi zimamveka pokhota, makamaka pobwerera m'mbuyo chiwongolero chitafika kumapeto. Kukweza galimoto kumathandizako pang'ono chabe pamenepa, popeza zinthu zimenezi zili kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Chimene chimalamulira kwenikweni ndi m'lifupi mwa tayala pamodzi ndi offset ya rimu, imene ndi muyeso wa mmene rimu yalowera m'kati kapena yatulukira kunja. Marimu a Hilux ochokera ku fakitale amakhala ndi offset ya mamilimita pafupifupi +30 (nambala ikakula, rimu imalowera m'kati), pamene a Ford Ranger ya kuyambira 2011 amakhala ndi pafupifupi +55, ngakhale onse ali ndi mabowo 6 pa mzere wozungulira wa mamilimita 139.7, choncho kufanana kwa mabowo sikutsimikiza kuti rimu ndi yoyenera. Tayala la 285 ndi lotakata kuposa la 265 ndi mamilimita 20, khumi mbali iliyonse, ndipo pa rimu ya ku fakitale khoma lake la m'kati limayandikira kwambiri mkono wa pamwamba wa sasipenshoni. Mwini galimoto akaona zimenezo amagula marimu otulukira kunja, tayala n'kutalikirana ndi mkonowo, koma tsopano pokhota limazungulira motakasuka kuposa kale n'kukagunda chitsulo cha bodi chija. Kuwonjezera apo, rimu yotulukira kunja kwambiri imalemetsa mabering'i a magudumu ndipo imachititsa kuti mwala uliwonse umene tayala lagunda umveke m'manja mwa woyendetsa. Ichi ndi chifukwa chake pa galimoto ngati yanu tayala la 285/70R17 nthawi zambiri limafuna kuti china chake chidulidwe.

Njira zokwezera kutsogolo zimadalira mtundu wa sasipenshoni. Hilux kuyambira 2005 ili ndi sipuling'i yozungulira imene shock imadutsa m'kati mwake, ndipo ziwirizi zimamangidwa ngati chinthu chimodzi pakati pa chasisi ndi mkono wa pansi. Spacer yofala kwambiri imaikidwa pamwamba pa chinthu chimenechi, ndipo pamenepa pali msampha wa masamu umene umakola anthu ambiri. Shock imamangidwa chapakati pa mkono, pamene gudumu lili kumapeto kwake, choncho chimene mwawonjezera pa shock chimakula chikafika pa gudumu: spacer yokhuthala mamilimita 25 imakweza galimoto ndi mamilimita 40 kapena kuposerapo pang'ono. Munthu amene wagula spacer yokhuthala masentimita 5 poganiza kuti akweza ndi masentimita 5 angapeze galimoto yakwera ndi masentimita pafupifupi 8, umene ndi muyeso woti ziwalo za ku fakitale sizingaupirire. Funsani wogulitsa momveka bwino ngati nambala imene akutchula ndi kukhuthala kwa spacer kapena kukwera kwa galimoto.

Spacer ya pamwambayi imakankhira shock yonse m'munsi, zimene zimabweretsa mavuto awiri. Gudumu likalendewera limatsika kupitirira pamene opanga anakonzera, mpaka ball joint ya pamwamba, mfundo yopindika yolumikiza mkono ndi gudumu, kufika kumapeto a kupindika kwake kapena mkono wa pamwamba kugunda sipuling'i. Gudumu likakwera mwamphamvu, shock ikhoza kufika pothera bump stop isanagwire ntchito yake, ndipo mphamvu yonse ya bampu imathera pa shock, imene ingapindike kapena kuthyoka pansi pomwe yamangidwa. Mtundu wina wa spacer umalowa m'kati n'kufinya sipuling'i, ndipo umenewu susuntha malire, koma umaimika galimoto pafupi ndi malire a pansi. N'chimodzimodzinso ndi mapikapu akale a torsion bar (ndodo yachitsulo yopotoka imene imagwira ntchito ya sipuling'i), amene amakwezedwa pongomanga bawuti. Galimoto yokwezedwa motere ili ngati munthu amene waima ndi zala za kumapazi: watalikadi, koma alibenso potambasukira, ndipo gudumu likakumana ndi dzenje limalephera kutsika kuti likhudze pansi, m'malo mwake mumamva kugunda ndipo galimoto imadumphadumpha. Njira imene ndimailimbikitsa kwa munthu woyenda m'misewu yoipa ndi kugula sipuling'i ndi shock zopangidwira pamodzi pa muyeso wa kukwera umene akufuna komanso pa kulemera kumene kuli kutsogolo kwa galimoto yake. Imadya ndalama zambiri kuposa spacer, koma pa galimoto ya msinkhu wa yanuyi ma shock akale afika kale poti asinthidwe, ndiye ndalamayo siipita pachabe.

Mnzanu wachiwiri uja ayenera kuti amaganizira za ma CV joint, mfundo zopindika za pa mashafuti amene amazungulitsa magudumu a kutsogolo. Difu ya kutsogolo imamangidwa pa chasisi, choncho chasisi chikakwera difu imakwera nacho pamene magudumu atsala pansi, ndipo mashafuti olumikiza ziwirizi amayamba kugwira ntchito atapendekera. Pa magalimoto ambiri a mtundu umenewu mashafutiwa amazungulira nthawi zonse, ngakhale simunaike 4x4. Choyamba kugonja kawirikawiri ndi mphira wokuta CV joint, umene makwinya ake amakhulana mpaka kung'ambika, girizi n'kutuluka, fumbi n'kulowa, ndipo pakapita nthawi mumamva kaphokoso ka "tiki-tiki" pokhota. Mwa zimene ndaona, kukwera kwa mamilimita 40, kapena 50 pamapeto penipeni, ndi kumene mikono ndi mashafuti a ku fakitale amakupirira. Mukapitirira pamenepo mwalowa m'ntchito ina, yofuna mikono ya pamwamba yopangidwira galimoto yokwezedwa, zitsulo zotsitsira difu, ndiponso kuona ngati mapaipi a mabuleki ndi mawaya a ABS, chida choletsa magudumu kumangika pomanga mabuleki, sakukokeka gudumu likalendewera.

Ntchito yokweza ikangotha, alayimenti ndi yosakambirana, ndipo iyenera kukhudza camber (kupendekera kwa gudumu m'kati kapena kunja), caster (kupendekera kwa mzere umene gudumu limakhoterapo) ndi toe (kumene magudumu aloza), osati toe yokha monga amachitira ena ofulumira. Kukweza kumachepetsa caster, ndipo caster ikachepa galimoto imayendayenda mumsewu, chiwongolero sichibwerera chokha pakati mukamaliza kukhota. Mmisiri wodziwa ntchito akamabwezera caster pa mabawuti a mkono wa pansi amasunthiranso gudumu kutsogolo pang'ono, ndipo mamilimita ochepa amenewo nthawi zina ndi amene amapulumutsa tayala kuti lisakhule kumbuyo. Pa galimoto yakale mabawuti amenewa amagwirana ndi dzimbiri m'kati mwa mabushi, choncho ndi bwino kuwayesa ntchito isanayambe. Mabawuti onse odutsa m'mabushi a mphira amangidwe komaliza galimoto itaima pa magudumu ake, chifukwa akamangidwa ili pa jeke mabushiwo amakhala opotoka ndipo sachedwa kung'ambika. Nyali za kutsogolo zitsitsidwe kuti musamathobwe anzanu m'maso usiku, ndipo pa mapikapu atsopano amene ali ndi kamera kapena radar yothandiza kumanga mabuleki, zida zimenezo zimafunika kuchunidwanso ndi makina ake.

Mwatchula katundu wolemera ndi ngolo, ndipo pachifukwa chimenechi sindingakulangizeni kuti galimoto ilingane ndendende ili yopanda kanthu. Mukatero, tsiku limene mwanyamula kumbuyo kudzatsika kuposa kutsogolo, kulemera kudzachoka pa magudumu owongolera, chiwongolero chidzapepuka, ndipo ngolo idzayamba kugwedeza galimoto pa liwiro. Siyani kumbuyo kuli kokwererapo ndi mamilimita 15 kapena 20, kapena ngati mukufunadi kukweza kutsogolo kwambiri, kwezaninso kumbuyo powonjezera tsamba limodzi pa masipuling'i kapena kuika ena olimbirapo. Zitsulo zongoika pakati pa sipuling'i ndi ekiselo sindimazikonda pa galimoto yokoka ngolo, pakuti zimapatsa ekiselo mpata wopotoza sipuling'i ponyamuka. Dziwaninso kuti masipuling'i olimba sawonjezera kulemera kumene galimoto imaloledwa kunyamula, ndipo pa mapikapu amene ali ndi valavu yoyeza katundu pa mabuleki a kumbuyo, valavuyo iyenera kuchunidwanso kumbuyo kukakwezedwa.

Tayala lalikulu lili ndi mtengo wake wina umene suoneka pa tsiku logula. La 285/70R17 limaposa lanu la panopa ndi magawo 7 pa 100, choncho muvi wa liwiro ukamaloza 100 mudzakhala mukuthamanga makilomita pafupifupi 7 pa ola kuposa mmene munkathamangira pa matayala akale, ndipo makilomita olembedwa adzachepa ndi gawo lomwelo, zimene zimasokoneza nthawi yosinthira oilo. Magiya onse amakhala ngati atalikirapo, galimoto imalemera ponyamuka ndi pokwera mapiri, kilachi imagwira ntchito yambiri, ndipo mabuleki amafuna mtunda wotalikirapo chifukwa akuimitsa gudumu lolemera komanso lalikulu. Mafuta nawonso amapita ambiri. Musaiwale tayala lapadera: liyenera kukhala la kukula komweko, chifukwa matayala osiyana kukula amakokanitsa ziwalo za 4x4, ndipo tayala la mamilimita 831 silimangolowa m'malo ake kunsi kwa bodi, makamaka pamene pali chitsulo chokokera ngolo.

Mukandifunsa chimene ndingachite pa galimoto imeneyi, ndingasankhe 265/70R17 ya khoma lolimba, yokhala ndi nambala ya katundu yosachepera imene opanga galimoto analemba, pa marimu omwe muli nawowo, pamodzi ndi masipuling'i ndi ma shock okweza kutsogolo ndi mamilimita 30 mpaka 40, ndi chitsulo chabwino chotchinga kunsi. Tayala limeneli limakukwezani ndi mamilimita 13 okha, ndipo ndikudziwa kuti nambalayo siisangalatsa, koma limaposa lakale ndi magawo atatu ndi theka okha pa 100, ndipo kawirikawiri limalowa popanda kudula chitsulo, mwina kungosuntha mphira wotchinga matope. Kusiyana kwake ndi la 285 pa kukwera kwa difu ndi mamilimita 14, ndipo funso loti mudzifunse n'lakuti kodi mamilimita 14 amenewo akuyenera kudulira ndi kuwotcherera chitsulo cha pa chasisi. Ngati mtima wanu uli pa 285 ndithu, zimatheka, koma pemphani kuti ayambe aika tayala limodzi kutsogolo, akweze gudumu la kumbuyo la mbali inayo pa chokwera kuti la kutsogololo lipanikizike m'kati mwa madigadi, kenaka apinde chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, inu mukuyang'ana ndi maso anu. Malamulo okhudza kukweza galimoto, kukula kwa matayala ndi kutulukira kwawo kunja kwa madigadi amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani ku ofesi yoyeza magalimoto ndiponso dziwitsani a inshuwalansi anu ntchito isanachitike.

Pali mbali zina za ntchitoyi zimene simuyenera kuziyesa nokha. Kumasula sipuling'i pa shock kumafuna chida chofinyira chodalirika, chifukwa sipuling'i ya pikapu ikapulumuka ili yofinyidwa ikhoza kuvulaza munthu koopsa, ndipo kudula kapena kuwotcherera pa chasisi ndi ntchito ya mmisiri amene anazichitapo pa mtundu womwewo wa galimoto. Mukayenda makilomita pafupifupi 500 ntchito itachitika, bwererani ku galaja kuti akaonenso mabawuti onse, akayezenso kukwera kwa galimoto popeza masipuling'i atsopano amakhazikika, ndipo ngati muyeso wasintha alayimenti ibwerezedwe. Musadikire makilomita amenewo ngati mwamva kugunda kwa chitsulo gudumu likatsikira m'dzenje, ngati galimoto ikunjenjemera ponyamuka, ngati mwaona girizi atamwazika m'kati mwa rimu, ngati tayala layamba kudyeka mbali imodzi, kapena ngati nyali ya ABS yayaka. Mukapeza mzere wonyezimira kapena wodyeka pa khoma la m'kati la tayala, imikani galimotoyo kufikira chimene chikulikhula chitapezeka, chifukwa khoma la tayala silimatidwa, ndipo likaphulika kutsogolo muli pa liwiro galimoto yokwezedwa imavuta kuigwira kuposa yotsika.